Kumanja n'kobwereka

A Twaibu, amene anandiphunzitsa galimoto,
ankanunkha fodya ndi girisi.
Anali ndi chala chimodzi chopindika
chimene ankagogoda nacho pachiwongolero
ndikangoyamba kusendera pakati pa msewu.
"Iwe Lufeyo, kwanu n'kumanzere.
Kumanja n'kobwereka
ngati nkhwangwa ya mnansi.
Dula mtengo wakowo, ubweze,
mwini wake asanafike pakhomo kudzaitanitsa."

Papita zaka khumi ndi zinayi.
Iwo anagona, tinakawasiya kwa Maganga.
Ine ndimayendetsa ambulansi ya ku Khombedza.

Lachiwiri lapitali, dzuwa litangopendeka,
tinanyamula Esinala,
mimba yoyamba, mwana atagona chopingasa.
Anamwino, mayi Kaliwo, anangoti, "Kuboma, msanga,"
botolo la diripi atalikweza m'mwamba ngati nyali.
Amake a Esinala anakhala pansi, zidendene pamodzi,
atakumbatira beseni ndi zitenje ziwiri zatsopano.

Tisanafike pa Kaphatenga ndinakupeza iwe,
wa pikapu yoyera, matumba a mpunga mpaka pamwamba.
Ndinakuona patali ukupitirira ngolo ya ng'ombe.
Unachita bwino, unayatsa ndi chizindikiro chomwe.
Koma ngoloyo itatsala m'mbuyo
sunabwerere kwanu.
Phula la kumanja linakukomera,
paja kumanzereko mvula inalumaluma m'mphepete
ngati mbewa pa chigumu.
Unangokhazikika, chigongono pawindo,
foni pakhutu,
mzere woyera ukudutsa pansi pa mimba ya galimoto yako.

Sairini yathu inafa mvula isanathe,
ndinalemba kalata katatu.
Ndinatsala ndi hutala ndi magetsi.
Ndinaimba. Ndinathwanimitsa. Ndinaimbanso.
Kumanzere kunali mpata, inde,
koma lamulo limakana kupitirira mbali imeneyo,
ndipo ngakhale likanalola,
kunali njinga ya makala ikudzandira,
ndi ana atatu a yunifolomu yobiriwira
akulimbirana nzimbe imodzi.

Mphindi zinayi.
Ndinaziwerenga pawotchi yosweka galasi.
Kumbuyoku Esinala anasiya kukuwa,
ndipo mukafunse woyendetsa ambulansi aliyense,
chete ameneyo ndiye amatiopsa.
Mayi Kaliwo ankamumenya patsaya pang'onopang'ono,
"Usagone, iwe, tandiyang'ana."

Kenaka mwini nkhwangwa anafika.
Lole yopita ku Dwangwa, yaitali ngati maliro,
inatulukira pokhota, magetsi onse ali ngwee,
ndipo unalumphira kumanzere
ngati mbuzi yothiridwa madzi.
Thumba limodzi linagwa n'kuphulika,
mpunga mbwee pamsewu.
Lole itadutsa ndinabwereka kumanja,
ndinakupitirira, ndinabweza.
Sindinakuyang'ane kumaso, ndinalibe nthawi.

Anamuchita opaleshoni usiku womwewo.
Ali moyo.
Mwana ali m'kabokosi kotentha, akupuma mothandizidwa,
dzina sanamupatsebe.
Amake a Esinala akuti adikire kaye,
zitenje zija zidakali zopinda.

Dzulo ndinakuona pa Kamuzu Road
ukutsitsa matumba, ukuseka ndi anzako,
chimanga chootcha chili m'manja.
Si iwe munthu woipa, zikuchita kuoneka.
Mwina uli ndi mkazi, mwina naye ngwoyembekezera.
Ndinatsitsa galasi kuti ndikuuze,
koma mawu anakakamira pakhosi,
chifukwa nanenso, usiku, ndikamabwerera wopanda wodwala,
msewu uli zii mpaka ku Thavite,
ndimadzipeza ndatsalira kumanja
kuthawa maenje, kusunga matayala a boma,
n'kumadziuza kuti palibe akubwera.

Ndinakweza galasi.
Wakabaza wina kumbuyo ankandiimbira belu kuti ndisunthe.
Ndinasuntha.
Ndipo njira yonse yobwerera ku Khombedza
chala changa chinali kugogoda pachiwongolero
popanda ine kuchituma.